KULUKA SOKOSI KUYAMBIRA KU ZALA

Mwina mudabwa kumva mlangizi wa zaulimi akunena za kuluka, koma chimanga chili m'nkhokwe, ndipo ntchito yathu ndi ya banja lonse, si ya munda wokha iyayi.

M'miyezi ya June ndi July mumagwa chiperoni, kamvula kozizira kaja kamene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Mwana wopita kusukulu mmamawa amayamba kumva chisanu kuphazi. Tsono ulusi ndi wodula. Nkhosa zathu zambiri zilibe ubweya woluka nawo, kotero ulusi wa m'masitolo a ku Limbe umachokera kunja. Amayi ochenjera amamasula juzi yakale ya pa kaunjika, nachapa ulusiwo kuti uwongoke. Koma ulusi wotere ndi wowerengeka. Mukayambira kumwendo, ukhoza kukutherani musanafike ku zala, ndipo sokosi yopanda zala ilibe ntchito. Mukayambira ku zala, phazi limatha poyamba, ndipo wotsalawo ungotalikitsa mwendo mpaka pamene uthere. Gawani ulusi wanu pawiri mofanana musanayambe, kuti sokosi ziwirizo zilingane.

Pafunika singano zisanu zosongoka mbali zonse ziwiri. Ngati mulibe, sipoko za njinga zodulidwa ndi kunoledwa pamwala zichita bwino pa ulusi waung'ono. Pa ulusi wonenepa semani nsungwi, muipale kuti isakole.

Tsopano mvetsetsani, pakuti apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi. Gwirani singano ziwiri pamodzi, ina pamwamba ina pansi. Mangani kamfundo pa singano yapansi. Kulungani ulusi kuzungulira singano zonse ziwiri kasanu ndi katatu. Musakoke kwambiri: siyani mpata woti singano ina ilowe. Kumanga kothina, monga womanga mtolo wa nkhuni, ndiko kumalepheretsa anthu. Tengani singano yachitatu, muluke timfundo 8 ta pa singano yapamwamba, chala chanu chitatsekera yapansi kuti isapulumuke. Tembenuzani ntchito yanu, yapansi ikhale pamwamba. Masulani kamfundo koyamba kaja, pakuti sikawerengedwa, ndipo muluke timfundo 8 tinato. Muli nato 16, ndipo kunsonga kwatsekeka kale popanda msoko wopweteka zala m'nsapato.

Njira imeneyi Azungu amaitcha ya ku Turkey. Ilipo inanso imene mayi wina wa ku America, Judy Becker, anaifalitsa mu 2006, koma kwa ine ya ku Turkey ndiyo yosavuta kuiphunzira pa wailesi.

Gawani timfundoto pa singano zinayi, tinayi pa singano iliyonse, nimuluke ndi yachisanu. Mizere iwiri kapena itatu yoyamba singano zimagundana ndi kusokoneza manja. Pirirani, zimakhazikika zokha. Polumpha kuchoka pa singano ina kupita pa inzake, kokani ulusi pang'ono kuti pasatsale mpata.

Kukuza kumachitika m'mbali ziwiri za phazi. Mbali iliyonse onjezani timfundo tiwiri, kena kumtunda kena kunsi, ndiko kuti tinayi pa mzere umodzi. Mzere wotsatira lukani osawonjeza. Motero mukhala nato 20, kenaka 24, ndi kupitirira. Musandifunse nambala yolekezera, chifukwa ulusi umasiyana, mapazinso amasiyana. Itanani mwanayo, mumuveke singano zili pomwepo. Kachisoti kaja kakaphimba zala zonse mpaka kachala kakang'ono, lekani kuwonjeza, muzingoluka mozungulira kufikira patatsala mainchesi awiri kuti mufike kumapeto a chidendene.

Za chidendenecho tidzakamba sabata ya mawa nthawi ngati yomwe ino. Mudzakhale pafupi ndi wailesi, sokosi yanu ili m'manja.