Utsi wa m'mawa ndi kayezedwe ka oyilo wa Porsche 911

Mwandipempha kuti ndikambe za utsi umene galimoto imatulutsa ikangolizidwa m'mawa, makamaka galimoto zothamanga zija mumaziona m'mavidiyo. Nditengapo imodzi yokha, Porsche 911, chifukwa imeneyi imapusitsa ngakhale amakaniko okhwima pantchito.

Poyamba muzionetsetsa mtundu wa utsiwo. Woyera, wopepuka, wongobalalika ukatuluka mu ekizozi, imeneyo ndi nthunzi chabe. Ndi madzi amene anakhala m'mapaipi usiku, ndipo m'mwezi wa June kapena July galimoto iliyonse imatero. Woyera koma wochindikala, wonunkhira motsekemera, wosatha ngakhale injini itatentha, ndiye kuti madzi a mu redieta akulowa m'masilinda, kawirikawiri gasiketi yapsa. Wakuda ndi petulo wochuluka. Wabuluu ndi oyilo amene akupsa, ndipo nkhani yathu ili pamenepo.

Porsche 911 ndi ya ku Stuttgart, ku Germany, ndipo inayamba kugulitsidwa mu 1964. Injini yake ili kumbuyo. Masilinda alipo 6, koma saima chilili ngati a Corolla. Anagona chammbali, atatu uku atatu uko. Subaru zimene timaitanitsa ku Japan nazo ndi zogona choncho, kungoti zambiri masilinda ake ndi anayi. Tsono silinda ikagona, oyilo wotsalira mkati sayenderera yense kupita pansi. Amadikha pamenepo, n'kumadutsa pang'onopang'ono m'maring'i a pisitoni mpaka kukafika kumene kumayakira moto. Galimoto ikakhala sabata osayenda, kapena mukaiimika pamalo opendekera mbali imodzi, poliza mudzaona utsi wabuluu fuu! Pakapita masekondi ochepa watha. Umenewo si matenda. Munthu asakuuzeni kuti tsitsani injini chifukwa cha kautsi kameneko.

Wodetsa nkhawa ndi utsi umene ukupitirira injini itatentha kale, kapena umene ukubuka nthawi zonse mukaponda moto mutatsika chitunda. Pamenepo tiganizire maring'i kapena ma valve seal. Pa 911 zoziziritsidwa ndi madzi komanso pa Boxster pali kachipangizo kolekanitsa oyilo ndi mpweya. Kakafa, utsi wake umaphimba msewu wonse, mwini galimoto n'kuyesa kuti injini yanoka, pamene chofunika kusintha n'chimodzi chokhacho.

Koma utsi wambiri pa 911 zakale umachita kuyambitsidwa ndi munthu wogwira botolo la oyilo. Mvetserani bwino apa.

Galimoto wamba imasunga oyilo mu sampu, pansi pa injini. Mumaimika pamalo athyathyathya, kuzimitsa, kudikira mphindi 5 kapena 10 kuti oyilo atsike, kusolola dipisitiki, kupukuta, kubwezera, kusololanso n'kuwerenga. Izi nonse mumazidziwa. 911 yoziziritsidwa ndi mphepo, kuyambira yoyamba ija mpaka ya mu 1998, si choncho ayi. Oyilo wake amakhala mu thanki yapadera pambali pa injini. Pampu imodzi imakoka oyilo mu thankiyo kupita naye mu injini, ina imamuwola pansi n'kumubwezera mu thanki. Azungu amati dry sump. Anaipanga motero kuti pokhota mwaliwiro oyilo asathawire mbali imodzi n'kusiya pampu ikukoka mphepo. Yonse pamodzi imanyamula malita pafupifupi 10 kapena kuposerapo, partly chifukwa oyiloyo ndi amenenso amathandiza kuziziritsa injini.

Ndiye taganizani. Galimoto yagona usiku wonse, mapampu aima, oyilo wina wayenderera kuchoka mu thanki kupita mu injini. Inu mwafika m'mawa, mwasolola dipisitiki imene ili mu thankimo, mwapeza youma kapena yangonyowa kunsonga. Mtima phaa! Mwathira malita awiri, mwina atatu. Injini ikalira n'kutentha, oyilo uja anatsikira pansi amabwerera mu thanki, ndiponso oyilo akatentha amafufuma. Thanki yadzaza mopitirira. Wotsalayo amadutsa m'paipi yopumira n'kukagwera kumene injini imakokera mpweya, kunyowetsa fyuluta, kudetsa mapulagi. Utsi uja tsopano sukuthanso. Mwini wake wayamba kuwerengetsa ndalama za maring'i, pamene maring'i ali bwinobwino.

Kuyeza koyenera ndi uku: yendetsani galimoto mpaka oyilo atenthe, afike cha m'ma 80 digiri. Imikani pamalo athyathyathya, osazimitsa. Isiyeni ilire yokha osaponda moto kwa mphindi imodzi, kenako musolole dipisitiki injini ili chilirire. Oyilo akhale pakati pa mizere iwiri ija. Ine ndimakonda pakati penipeni, osati pamzere wapamwamba, chifukwa mukathamanga nayo adzakwerabe. Kuchoka pamzere wapansi kufika wapamwamba ndi pafupifupi lita imodzi ndi theka, choncho muzithira theka la lita, kudikira, n'kuyezanso. Geji ya oyilo ya padashibodi nayonso imanena zoona pokhapokha galimoto itaima, ikulira yokha, ili yotentha. Pamsewu imangovinavina, musaikhulupirire. China, samalani malaya ndi zingwe za m'khosi, chifukwa fani ndi lamba wake zikuzungulira pafupi ndi dzanja lanu.

Musatenge lamulo limeneli n'kukaligwiritsa pa galimoto iliyonse yothamanga. Pa 911 zatsopano zambiri mulibe n'komwe dipisitiki, mumawerenga pa sikirini. Subaru WRX ndi Toyota 86 zili ndi sampu wamba, mumayeza mutazimitsa. Buku la galimotoyo limanena, ndipo ambiri mwa mabuku amenewa amapezeka pa intaneti.

Kwa inu amene tsiku lina mudzaperekeza achimwene kapena amalume kokagula galimoto: mudzafike m'mamawa, mugwire injini ndi dzanja musanalize. Mukapeza ndi yofunda, wogulitsayo waitenthetsa kale, ndipo utsi wa m'mawa simuuonanso. Muuzeni kuti mudzabweranso mawa, aisiye yozizira, ndipo wina adzaime kumbuyo kuyang'ana ekizozi pamene mnzake akuliza.

Ndaima pamenepa a tcheyamani, amene ali ndi funso afunse.