Ngongole yomwe munabweza isakudetsereni dzina



Chaka chatha kalabu yathu inabweza ngongole yonse ya feteleza titangogulitsa soya. Patatha miyezi itatu kunatulukira anyamata awiri pa njinga yamoto, ati matumba anayi sitinalipire, ndipo atenga mbuzi za msungichuma wathu. Chinatipulumutsa ndi malisiti amene mayiwo anasunga m'chitini. Wotolera ngongole woyamba uja analandira ndalama koma sanakalembe m'buku la ku ofesi.

Choncho munthu akabwera kudzalonjerera ngongole imene simukuivomereza, musathawire kudimba. Mufunseni chiphaso chake ndi kalata ya bungwe limene lamutuma. Pemphani pepala losonyeza zimene munatenga, chiwongoladzanja chake, ndi zimene mwabweza kale. Alimi a fodya, yerekezani pepalalo ndi mapepala a ku okushoni, chifukwa ngongole zambiri zimadulidwa komweko. Musadinde chala pa chikalata chimene sanakuwerengereni. Ndipo kangachepe kongofuna kuti mlendo achoke musapereke. Mawa adzati munavomera nokha. Akafuna kunyamula katundu amene simunamuike chikole, afunseni chilolezo cha khoti.

Kudandaula pakamwa sikukwanira. Lembani kalata, mlembi wa kalabu akuthandizeni, ndipo ku ofesiko akudindireni ina yoti musunge. Akapanda kuyankha, dandaulo lipite ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama.

Tsono pali china chimene ambirife sitichiona ndi maso. M'chaka cha 2010 dziko lino linakhazikitsa lamulo la Credit Reference Bureau Act. Pansi pa lamuloli pali mabungwe osunga mbiri ya momwe aliyense amabwezera ngongole, ndipo obwereketsa amatumizako mayina. Ukalembedwa kuti sunabweze ku Mchinji, banki ya ku Zomba ikhoza kukukaniza, iwe osadziwa chifukwa chake. Mbuzi zikhoza kutsala m'khola, dzina litapita kale. Muli ndi ufulu woona zimene analemba za inu ndi kutsutsa zolakwika. Ife titapambana mlandu wathu, tinaumirira kuti atipatse kalata yonena kuti ngongole yatha ndiponso kuti akonze mbiriyo. Zinatenga maulendo atatu, koma inatuluka.

Kunena zoona, ngongole yeniyeni tibweze, pakuti m'kalabu mmodzi akalephera tonse timavutika. Zokolola zikavuta, pitani msanga mukapemphe nthawi, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe.

Pa msonkhano wa mwezi wamawa, kalabu iliyonse ibwere ndi malisiti ake onse tidzawerengere limodzi.