Tisanalembe wamagetsi ntchito pa chigayo cha gulu, tiyambe taona chiphaso chake

Awa ndi mawu amene analankhulidwa pa msonkhano wa atsogoleri a makalabu ndi makopaletivi a alimi ang'onoang'ono.



Kwa zaka zambiri pa misonkhano ngati uno takhala tikulira kuti magetsi afike m'misika yathu yakumidzi. Kulirako sikunapite pachabe. Kudzera mu pologalamu ya boma ya MAREP, mapolo ndi mathiransifoma afika m'malo ambiri ochitira malonda. Magulu ena agula zigayo, ena makina opunthira mpunga kapena oyengera mafuta a mpendadzuwa, ndipo anzathu oweta ng'ombe ali ndi mathanki oziziritsira mkaka. Koma paja akuluakulu anati walira mvula walira matope. Magetsi akafika pa polo, pamatsala ntchito yowalowetsa m'nyumba ya gulu, ndipo apa ndi pamene ndalama za alimi zikutayikira.

Tikuuzeni zimene tinaona ndi maso athu pa kopaletivi ina, nthawi imene tinkagwira ntchito ya ulangizi. Mamembala anasonkha matumba a soya ndi mtedza kwa nyengo ziwiri mpaka anagula chigayo. Itafika nthawi yoika mawaya, mmodzi wa m'komiti anati ali ndi mphwake amene amaika magetsi m'nyumba za anthu, ndipo sadzadulitsa. Onse anavomera. Panalibe pepala lililonse lolembedwa, ndipo ndalama zonse anamupatsa ntchito isanayambe. Mnyamatayo analibe chiphaso, choncho mafomu anakasainitsa kwa munthu wina wa chiphaso amene sanapondeko n'komwe pa chigayopo. Tsiku lotsegulira ife tinalipo, tinaomba m'manja, nsima tinadya, koma palibe chimene tinafunsa. Mvula itayamba, tsiku lina waya umodzi mwa atatu obweretsa mphamvu unasiya kugwira ntchito. Mota inapitiriza kung'ung'udza mpaka inatulutsa utsi. Chigayo chinakhala chotseka miyezi ingapo, mphwake uja anali atapita kutauni, ndipo mamembala anayamba kuloza zala msungichuma amene sanabe ngakhale tambala imodzi. Mota inakonzedwa, koma kukhulupirirana m'gululo kunatenga nthawi yaitali kuti kubwerere.

Ife amene tinali alangizi pamalopo tili ndi gawo lathu pa kulakwako, chifukwa tinaphunzitsa kalembedwe ka mabuku a ndalama koma za kalembedwe ka mmisiri ntchito sitinanenepo kanthu. N'chifukwa chake lero tabwera ndi mfundo izi.

Choyamba, tidziwe kuti chigayo si nyumba yogona. Nyumba zambiri zimalandira magetsi a single phase, a mavoti 230, okwanira mababu, wailesi ndi simbi. Mota ya chigayo imafuna three phase, ya mavoti 400. Mota ya mahosipawa 20 ndi pafupifupi makilowati 15, ndipo ikamadzuka ikhoza kukoka mphamvu yoposa kasanu imene imakoka ikamayenda. N'chifukwa chake amisiri odziwa amaika sitata ya star-delta yochepetsa kukokako, chida chozimitsa mota ikalemedwa, ndi china chozimitsa waya umodzi ukafa. Chida chomalizachi n'chimene chinalibe pa chigayo chija, ndipo mtengo wake sungafanane ndi wokulungitsa mota yopsa. Munthu akhoza kukhala katswiri poika mababu m'nyumba koma zonsezi osazidziwa. Tisanagule n'komwe makina, tipite ku ofesi ya ESCOM tikafunse ngati pamalo pathu pali three phase komanso ngati thiransifoma ingakwanitse.

Chachiwiri, tione chiphaso. Bungwe la MERA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2004 loyang'anira za mphamvu, ndi limene limapereka ziphaso kwa anthu oika mawaya a magetsi, ndipo ziphasozi zili m'magulu malinga ndi kukula kwa ntchito. Satifiketi ya kusukulu ya zaluso ndi yabwino, koma si chiphaso. Mlembi wa gulu achione chiphasocho ndi maso, ayerekeze dzina ndi la pa chitupa cha unzika, aone ngati sichinathe ntchito, kenako afunse ku MERA ngati chikumulola munthuyo kugwira ntchito ya three phase. Amene adzasaine mafomu akhale yemweyo amene wagwira kapena kuyang'anira ntchito pamalopo. Timufunsenso atitchulire malo awiri kumene anaikako mawaya a chigayo kapena a thanki ya mkaka, ndipo titume anthu awiri akacheze ndi eni ake. Ndalama ya minibasi ndi yochepa poyerekeza ndi mota. Safunsa anadya phula.

Chachitatu, makotesheni akhale atatu, olembedwa, ochokera kwa amisiri amene afika pamalopo n'kuyeza. Kotesheni yongolemba kuti "zipangizo ndi leba" n'kuika mtengo umodzi tiibweze. Ilembe chinthu chilichonse pachokha: kukula kwa waya, kutalika kwake, mapaipi odutsamo mawaya, bokosi la maswichi, sitata, ndodo ya earth yokhomera pansi, kenako leba payokha. Tikatero tidzaona chifukwa chimene wina watchipira. Kawirikawiri amakhala atachepetsa kukula kwa waya kapena kusiya zida zotetezera. Waya wochepa amatentha, ndipo m'chigayo muli fumbi la ufa, m'nyumba yosungiramo mbewu muli matumba ouma ndi makoswe okonda kutafuna mawaya a pamtetete. Makotesheniwa atsegulidwe pamaso pa komiti yonse. Ngati mmodzi mwa amisiriwo ndi mbale wa wina wa m'komiti, mwini mbaleyo anene poyera ndipo atuluke panja posankha. Sitikunena kuti achibale athu asamapeze ntchito, koma apikisane ngati wina aliyense, chifukwa ndalamazo ndi za mamembala onse.

Chachinayi, mgwirizano ulembedwe, ndipo ulembedwe m'chinenero chimene mamembala akumva. Unene ntchito yonse, tsiku loyamba ndi lomaliza, amene adzagule zipangizo, ndi kalipiridwe. Ife tikulangiza kulipira m'magawo: gawo loyamba la zipangizo zikafika pamalo ndi malisiti ake, lachiwiri mawaya akatha, lachitatu magetsi akalumikizidwa ndipo makina ayesedwa akugaya chimanga chenicheni. Kagawo kena katsale m'manja mwa gulu kwa miyezi imene mwagwirizana, kuti china chikavuta mmisiri abwere msanga. Ntchito yoonjezera ikapezeka pakati, isayambe mpaka italembedwa ndi mtengo wake. Asaine wapampando, mlembi, msungichuma ndi mmisiri, ndipo afumu kapena alangizi akhale mboni.

Tinenenso mbali yathu, chifukwa amisiri nawo ali ndi madandaulo pa ife. Timawaitana nyumba isanafoleredwe, timasintha malo a makina mawaya ataikidwa kale, ndipo aliyense wa m'komiti amafika ndi malangizo ake. Tisankhe munthu mmodzi wolankhula ndi mmisiri m'malo mwa gulu. Ntchito ikatha bwino timulipire tsiku limene tinalonjeza, osati kumuuza kuti adikire tigulitse fodya. Mmisiri wabwino tikamuzunza, mawa sadzabwera mota ikadzavuta.

Chachisanu, pasakhale njira zachidule. Wina akatiuza kuti timupatse kangachepe atilumikizire msanga, kapena kuti akhoza kudutsitsa waya kuseri kwa mita, tikane. Kulumikiza magetsi mozembera ndi mlandu pansi pa lamulo la zamagetsi, ndipo amene adzayankhe ndi eni nyumba, ndiye kuti gulu lathu. Ndalama za ESCOM zilipiridwe m'njira zovomerezeka ndipo lisiti lisungidwe m'faelo ya gulu. Tidziwenso kuti mawaya onse a mkati, kuyambira pa mita kulowa m'nyumba, ndi udindo wathu.

Tisanalipire gawo lomaliza, mmisiri ayeze earth ndi makina ake ife tikuona, atisiyire zotsatira zolembedwa, chojambula choonetsa mmene mawaya ayendera, ndipo alembe dzina pa swichi iliyonse. Aphunzitse wogayitsa ndi mlonda pozimitsira magetsi onse, ndi kuti moto wa magetsi sitithira madzi. Ngati gulu lili ndi jenereta, aike swichi yosinthira kuti mphamvu ya jenereta isabwerere ku mapolo, chifukwa ikhoza kupha munthu amene akukonza mawaya kutali osadziwa kanthu. Nkhani ya jenereta si yaing'ono. Tonse tikukumbukira kuthimathima kwa m'chaka cha 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire. Mkaka umafuna kuzizira kufika pa madigiri 4, ndipo thanki ikaima tsiku limodzi, thukuta la mabanja onse a m'gulu limatayidwa pansi.

Tsopano zopempha zathu. Ku bungwe lathu la alimi, tikupempha kuti likonze chitsanzo cha mgwirizano wa masamba awiri m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, ndipo chifike ku gulu lililonse. Ku MERA, tikupempha kuti mayina a amisiri a ziphaso a m'boma lililonse azimatidwa pa ofesi za ulimi za m'madera athu, chifukwa si mlimi aliyense amene angakawapeze pa intaneti. Kwa mabungwe amene amatipatsa makina, tikupempha kuti mu bajeti muzikhala ndalama za mawaya ndi zida zotetezera, osati kungotula makina n'kujambulitsa zithunzi. Ku TEVETA ndi sukulu za zaluso, tikupempha kuti achinyamata a m'midzi mwathu amene aphunzira zamagetsi athandizidwe mpaka atapeza ziphaso, kuti mphwake wa mawa adzagwire ntchito yathu movomerezeka.

Kwa inu atsogoleri, ntchito ilipo sabata ino. Amene muli kale ndi magetsi, kafufuzeni m'faelo ngati muli pepala la mmisiri amene anaika mawaya. Ngati mulibe, itanani wa chiphaso adzayendere nyumbayo mvula isanagwe. Amene mukukonzekera kugula makina, nkhaniyi ikhale pa ndondomeko ya msonkhano wotsatira wa mamembala onse, ndipo pa msonkhano wathu ukubwerawo gulu lililonse lidzatiuze pamene lafika.