Mayi Wamasiye ndi Gawo Lake



 Tithokoze Allah amene watifikitsa kumapeto kwa mwezi wa Ramadhan tili amoyo. Mwezi wathunthu takhala tikusiya usana chakudya chimene chili halaal kwa ife. Tsono lero tikumbutsane za chakudya china chimene chili haraam usana ndi usiku, koma ambiri timadya popanda manyazi. Chakudyacho ndi chuma cha masiye.

Tonse tikudziwa zimene zimachitika bambo akamwalira. Janaza isanafike ndi kumanda komwe, achibale ayamba kale kufunsa makiyi. Uyu wanyamula njinga, uyu makina osokera, uyu akuti nyumbayi ndi ya mbumba yathu. Mayi ali pa edda ya miyezi 4 ndi masiku 10, satuluka chisawawa, ndiye anthu amapezerapo danga. Akatsegula pakamwa timati ndi wamwano, kapena timati zaufulu wa amayizi wazitenga ku mabungwe achizungu.

Abale athu, dandaulo limeneli silinayambe ndi mabungwe. Pa nkhondo ya Uhud, m'chaka cha 625, anaphedwa Swahaba wina dzina lake Sa'd ibn ar-Rabi', nasiya mkazi ndi ana aakazi awiri. M'bale wake wa malemuyo anatenga chuma chonse, monga unalili mwambo wa Aarabu. Mayiyo sanakhale chete ayi. Anatenga ana ake napita kwa Mtumiki Muhammad (Swallallahu alaihi wasallam) kukadandaula. Mtumiki sanamuuze kuti apirire, sanamuuzenso kuti nkhani za chuma nza amuna. Itatsika ndime ya kagawidwe ka chuma mu Surat An-Nisa, analamula kuti ana awiriwo alandire magawo 2 mwa magawo 3, mayi wawo gawo limodzi mwa magawo 8, ndipo m'bale uja atenge chotsalacho basi.

Lamulo limeneli lili m'ndime 11 ndi 12 za Surah imeneyi, ndipo silinasinthe. Choyamba tilipire zamaliro, ngongole ndi wasiya, umene sudutsa gawo limodzi mwa magawo 3. Kenako mkazi alandira gawo limodzi mwa magawo 8 ngati malemu anasiya ana, kapena limodzi mwa magawo 4 ngati sanasiye mwana. Tiyerekeze kuti patsala K2,400,000, ndipo bamboyo wasiya mkazi, mwana wamwamuna mmodzi ndi wamkazi mmodzi, makolo ake anatsogola kale. Mkazi alandira K300,000, mnyamata K1,400,000, mtsikana K700,000. Nanga achimwene ake a malemu? Pamene pali mwana wamwamuna, iwowo alibe ngakhale tambala. Nanga mphwake, mwana wa mlongo wake, amene mwambo wathu umati ndiye wolowa m'malo? Pamenepa nayenso alibe gawo. Ufumu ndi dzina zikhoza kutsata mbumba, koma chuma cha Msilamu chimatsata Qur'an.

Tidziwenso kuti mahari ndi a mkazi yekha. Mbuzi zimene anagula ndi ndalama zake, geni yake ya usipa kapena ya mandasi, zonsezo sizilowa m'chuma chogawidwa, chifukwa mwini wake ali moyo.

Ana athu aakazi amene apita kusukulu amatifunsa kuti, bwanji mtsikana alandira theka la mnyamata? Funso limeneli tisalithawe. Yankho la ma Ulama ndi lakuti mwamuna anasenzedwa udindo wopereka mahari, wodyetsa banja ndi wosamala mayi ake ndi alongo ake akasowa, pamene gawo la mkazi ndi lake lokha. Koma yankho limeneli limatimanga ife amuna. Ngati mnyamata watenga magawo awiri nkusiya mlongo wake akugona ndi njala, watenga malipiro a ntchito imene sanagwire. Ndipo tinene zoona: m'mabanja ambiri mkangano suli pa theka, pakuti ngakhale thekalo atsikana salandira.

Boma nalo linaona vutoli. Lamulo la chuma cha masiye la m'chaka cha 2011 limaika mkazi ndi ana patsogolo, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu woti munthu nkumangidwa nawo. Kodi si zamanyazi kuti Msilamu abweze katundu wa ana amasiye poopa apolisi, pamene ndime 10 ya Surah yomweyi imachenjeza kuti wodya chuma chotere akudzaza moto m'mimba mwake?

Choncho tikupempha zinthu zitatu. Abambo, lembani zimene muli nazo ndi ngongole zanu pamaso pa mboni, ndipo akazi anu adziwe kumene kuli mapepala a nyumba ndi a kubanki. Akomiti, pakagwa maliro tisathere pa dua yokha. Atumizidwe Sheikh wodziwa kagawidwe, ndipo mayi wamasiye akhalepo yekha pogawa, osati kumva kwa ena. Amayi ndi alongo athu, bwerani ku madrasa mudzaphunzire magawo anu, ndipo mukalandidwa nenani, monga ananenera mkazi wa Sa'd.

Ndipo ngati m'nyumba mwathu muli mpando, wailesi kapena pepala la munda limene mwini wake ndi mwana wamasiye, tsiku lobweza ndi lero lomwe lino, tisanadye mpunga wa Eid. Allah alandire kusala kwathu, awasunge amasiye athu, ndipo atiteteze ku chuma cha haraam. Ameen.