Dokotala uja ndinamupha ndine

Ndikulankhula kuchokera ku Rawdat Al Khail kuno ku Doha, kunja dzuwa likuswa mtengo.

Sabata yatha mnzanga amene ndimakhala naye nyumba imodzi anamaliza sizoni yoyamba ya The Last of Us, ija ya HBO ya 2023. Anangoti, "Aise, Pedro Pascal amatha," n'kutuluka kukagula karak. Basi. Ine tsiku limene ndinamaliza gemu yake pa PlayStation, tulo sindinatione.

Chonsecho nkhani ndi yomweyo. Joel akupha anthu m'chipatala ku Salt Lake City kuti apulumutse Ellie, ngakhale imfa ya mtsikanayo ikanatha kubweretsa katemera. Pa TV umangoonerera, n'kumamuweruza uli phee pampando. Koma mu gemu ya Naughty Dog ija, yomwe inatuluka mu 2013, controller ili m'manja mwako. Ndinaima m'chipinda cha opaleshoni kwa mphindi zingapo ndikufunafuna njira ina. Kunalibe. Gemuyo siyenda mpaka utapha dokotalayo. Chala chinali changa.

Ndili ndi mwana wamkazi ku Zomba, wa zaka 6, amene masiku ano ndimangomuonera pa WhatsApp. Ndiye musandifunse ngati Joel analakwa. Batani lija ndinadina, ndipo mwina ndingadinenso.

Komabe pa nkhani ya Bill ndi Frank, apo ndiye TV inandiliza. Mu gemu, Frank timamupeza atafa kale, ndipo ine ndinangomudutsa, maso ali pa zipolopolo.