Mawu a mlendo wolemekezeka pa msonkhano wa zaumoyo ku Chirimba

 

Ndabwera ndi nkhani ya timabala ting'onoting'ono. Kale munthu akapita ku opaleshoni ya m'mimba ankabwerako ndi chipsera chachitali, aliyense n'kuona yekha kuti ameneyu wachokera kutali. Lero pali njira ina yomwe madokotala amati laparoscopy. Amaboola timabowo titatu kapena tinayi, tina ta mamilimita 5, tina 10 kapena 12, kamodzi mwa ito pamchombo. Amapopera mpweya wa carbon dioxide kuti mimba ifufume, amalowetsa kamera ndi zipangizo zazitali, n'kumagwira ntchito akuyang'ana pa sikirini. Dokotala wa ku Germany, Erich Mühe, anachotsa ndulu mwa njira imeneyi mu 1985. Tsopano yafika m'zipatala zina za muno mu Blantyre, ndipo abale athu ena amakachitidwa ku India kapena ku South Africa.

Ndi njira yabwino, ndipo sindinabwere kudzakuopsezani. Ululu umachepa, munthu amatuluka msanga. Phewa likamawawa tsiku limodzi kapena awiri musadabwe, ndi mpweya uja, zimatha zokha.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti diso limanyengedwa. Pakhungu mukuona kabala kophimbika ndi pulasitala imodzi, koma kabowoko kanadutsa mafuta ndi mnofu mpaka m'kati. Khungu limapola msanga, m'katimo mumachedwa. Ndiye taganizani moyo wa kuno kwathu: bambo amasenza matumba kumafakitale, mnyamata amapalasa kabaza, mayi amatwika ndowa yamadzi mwana ali kumsana. Patangotha sabata apabanja ayamba kale, “Si mwachira inu? Bala lake lili kuti?” Munthu n'kudzuka chifukwa cha manyazi. Pakapita miyezi, pamchombo paja patuluka chotupa chomwe chimakula akatsokomola, n'kubwerera akagona chagada. Amenewo ndi mafuta kapena matumbo omwe apeza njira pa kabowo kosatsekeka bwino, chomwe kuchipatala amati hernia. Chimakonda timabowo tokulirapo tija, makamaka kwa onenepa, osuta fodya ndi achifuwa chosatha. Chotupacho chikalimba, chikamawawa, chikakana kubwerera, munthu n'kumasanza kapena kulephera kuchita chimbudzi, musadikire kuti kuche. Pezani galimoto usiku womwewo mupite ku chipatala cha Gulupu, chifukwa thumbo lopanika limafa.

Vuto lina ndi tizilombo. Bala likafiira, likatupa, likamatentha kapena kutulutsa mafinya, thupi n'kuyamba kutentha, pitani pa chipatala chathu cha Chirimba tsiku lomwelo. A matenda a shuga musamale koposa. Ndipo amayi ndi abambo, ndikupempheni ndi mtima wonse: tileke zogula makapusozi pagolosale, kuwatsegula n'kuwaza ufa wake pabala. Phulusa ndi masamba osinja nazonso ayi. Bala limafuna manja osamba ndi sopo, bandeji yoyera, ndi kukhala louma.

Palinso tizilombo tina, ta mtundu umodzi ndi toyambitsa TB, tomwe timatha kukhalira pa zipangizo zosayeretsedwa mokwanira. Timabisala masabata atatu kapena kuposerapo, bala litaoneka ngati lapola, kenako patuluka kachithupsa kodontha kosamva mankhwala wamba. Chakudza sichiimba ng'oma. Apa wodwala alibe mlandu, udindo uli kwa ife a zaumoyo. Chipatala chilichonse chogula makina a laparoscopy chigulenso zoyeretsera zake, chiphunzitse ozitsuka, ndipo munthu asatuluke osauzidwa m'Chichewa chomveka zizindikiro zoti abwerere nazo.

Mu 2018 magazini ya Lancet inafalitsa kafukufuku wa odwala 11,422 ochitidwa maopaleshoni osiyanasiyana m'maiko 25 a mu Africa. Pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse anakumana ndi vuto pambuyo pake, ndipo lofala kwambiri linali la tizilombo. Ambiri mwa amene anamwalira sanafere m'chipinda cha opaleshoni, anamwalira m'masiku otsatira.

N'chifukwa chake ndikuyang'ana inu alangizi a zaumoyo: mukamva kuti m'dera lanu wina watuluka kuchipatala, kamuyendereni, muone balalo ndi maso anu. Inu mabwana a makampani, wantchito akabwera ndi kalata ya adokotala, m'patseni ntchito yopepuka kwa masabata onse omwe alembawo, osamudula malipiro. Apabanja, mutungireni madzi.

Wapampando, ndi mawu amenewa ndikulengeza kuti msonkhano wathu watsegulidwa.