Tizigumu ta Galu ta Dzungu ndi Mbatata

Nkhani yokambidwa kwa mafumu, aphunzitsi ndi anthu oweta agalu ku Chiponde

Nkhani ya lero ndi ya galu ndi chakudya chake.

Kuno ku Chiponde galu ali ndi ntchito yaikulu ndithu. Usana apirikitsa anyani kumunda, usiku alonda khola ndi nkhokwe. Koma malipiro ake m'midzi yambiri ndi mkute wouma ndi madeya otsalira pansi pa thumba. Galu wanjala sakhala pakhomo. Ayendayenda m'misika ndi m'madzala, ndipo pakuti galu sadziwa malire, afika ngakhale ku Mandimba m'dziko la Mozambique. M'maulendo otere ndimo alumana ndi agalu achiwewe, nabwera nayo nthendayo kwa ana pamudzi.

Njira imodzi yosungira galu pakhomo ili m'munda momwemo. Munthu atenge makapu awiri a dzungu lophika kapena mbatata yophika, kapu imodzi ya mgaiwa, ndi usipa wosinja wodzaza dzanja limodzi. Akande zonsezi pamodzi, aumbe tizigumu tating'ono ngati chala chachikulu, ndipo atiotche pa chiwaya chopanda mafuta, pa moto wochepa, kufikira titauma. Akatero atiyanike pa dzuwa ndi kutisunga m'chitini chouma masiku atatu kapena anayi. Wopanda ufa angowiritsa mbatata pang'ono, naidula mopyapyala, naiyanika pa thandala.

Pali zinthu zosayenera kuthiramo. Anyezi ndi adyo aononga magazi a galu. Mchere ndi tsabola sizifunika. Chinangwa chowawa chosaviika chili ndi ululu wakupha. Koma choopsa koposa ndicho chimanga, madeya kapena mtedza wa chuku. Anthu ambiri amati, "Izi zavunda, kapatseni galu." Mau amenewa apha agalu ambiri. Mu August 2024 Boma la Zambia linalengeza kuti agalu okwana ngati 400 anafa atadya chakudya cha chimanga choonongeka, ndipo chaka chomwecho enanso ambiri anafa muno m'Malawi atadya nsima ya madeya. Chuku chimabala ululu wotchedwa aflatoxin. Ululuwo susuluka ndi kuphika, ndipo uononga chiwindi. Galu aleka kudya, asanza, maso ake nakhala achikasu. Banja loona zotere liyang'ane msanga ufa wake womwe, pakuti ululu wopha galu udwalitsanso munthu.

Tizigumu sitilowa m'malo mwa chakudya chenicheni. Galu si mbuzi. Thupi lake lifuna nsomba kapena nyama, nsima yabwino ndi madzi oyera tsiku lililonse. Tizigumu titatu kapena tinayi pa tsiku tikwana. Ntchito yake ndi iyi: mwini aitane galu ndi dzina lake, ndipo akabwera ampatse kamodzi, namsisita pakhosi. Akachita chotero masiku ambiri, galu azolowera kubwera poitanidwa ndi kugwidwa osaluma.

Phindu lake lioneka tsiku la katemera wa chiwewe. Alangizi a ziweto akafika pamudzi, agalu osazolowera dzanja la munthu athawira kuthengo nasemphana ndi katemera. Koma bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, likuti nthendayi ileka kufalikira pokhapokha agalu 70 mwa 100 alionse atalandira katemera, ndiponso kuti pafupifupi anthu onse ofa ndi chiwewe achitenga kwa galu. Louis Pasteur wa ku France anapulumutsa munthu woyamba ndi katemera mu 1885, koma kufikira lero munthu akayamba kuonetsa zizindikiro za chiwewe, mankhwala omchiritsa palibe. Chifukwa chake wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti aone ngati galuyo adwala.

Tsono mafumu anene mau awa pa bwalo, ndipo aphunzitsi awafotokoze kwa ana a sukulu, pakuti anawo ndiwo asewera ndi agalu, ndiwonso alumidwa kawirikawiri. Dzungu limodzi lopatulira galu ndi mtengo wochepa pa moyo wa mwana.